Chikwama cha Mfuti cha Malume

Ndipepese kaye kuti munthu ngati ine ndalimba mtima kulemba. Sukulu yanga inali ya kumudzi, ndipo kumeneko tinkaphunzira kuyankha zimene tafunsidwa, osati kuyamba tokha kulankhula. Nkhani yakenso si yaikulu. Ndi ya kachikopa kamene kanandilemera kuposa thumba la chimanga, ndipo ndikuilemba chifukwa ndatopa kuifotokoza pakamwa, anthu n'kumaseka ndisanafike ndi pakati pomwe.

Malume anga, mlongo wawo wa amayi, anali wapolisi wofufuza milandu ku boma kwathu. Sankavala yunifolomu. Ankavala malaya aakulu osapisira, ndipo mkati mwa malayawo munkakhala mfuti yaing'ono m'chikwama chachikopa. Mfutiyo inali ya boma, koma chikwamacho chinali chawochawo. Chimene anapatsidwa kuntchito chinali cholimba ngati thabwa, choncho anapita kwa wosoka nsapato wa kumsika, amene anawasokera china cha chikopa chofiirira, chokhala ndi kabatani pamwamba ndi timabowo tiwiri tolowetsa lamba.

Sukulu ikatsekera ndinkakakhala kwawo, ndipo m'mawa akamavala ankakonda kundiphunzitsa zinthu zimene sindinawafunse.

"Mphwanga, chinthu ichi sichivalidwa mwachisawawa," ankatero uku akumanga lamba. "Ukachiika kutsogolo, chikubaya pamimba ukamapalasa njinga. Ukachiika pamsana penipeni, tsiku limene udzagwe chagada sudzadzukanso bwino. M'khwapa ndi za anthu a majekete, kuno n'kotentha. Malo ake ndi apa." Ankamenya m'chiuno chakumanja, chakumbuyo pang'ono. "Ndipo munthu akachiona, ndiye kuti wavala molakwa."

Ine ndinkangoti, "Inde malume." Mfutiyo sindinaigwirepo, ndipo sindinafunepo kuigwira.

Atapuma pantchito anabweza mfuti ku boma, chikwama n'kutsala nacho. Anamwalira chaka chomwe ndinapeza malo a sukulu ku Dublin, m'dziko la Ireland, kudzera mwa bambo mfumu a parishi yathu. Maliro atatha, akuluakulu anakhala pansi kugawa katundu wa malemu. Ana awo anatenga njinga, wailesi ndi masuti. Ine, monga mwana wa mlongo wawo, anandiitana n'kundiikira m'manja lamba ndi chikwama chija. Chinali chopanda kanthu, koma chikopa sichiiwala. Chinali chitasunga maonekedwe a chinthu chimene chinakhalamo zaka zonsezo, moti ukachiyang'ana unkaona pamene pankathera mpope ndi pamene pankayambira chogwirira.

Tsiku lolongedza katundu amayi anachitenga m'sutikesi n'kundipatsa.

"Ichi usakachisiye pansi pa zovala ngati sanza," anatero. "Uzikavala. Si mankhwala, usandiyang'ane choncho, ine ndine Mkhristu. Koma malume ako ndi amene anakulipirira sukulu, ndipo kumene ukupitako kulibe mbale wako ndi mmodzi yemwe. Chikakhala pathupi pako, ine kuno ndizigona tulo."

Ndinalonjeza. Sindinaphunzirepo kuwakanira amayi, ndipo tsiku limenelo silinali loyambira.

Ku Dublin ndinapeza chipinda ku Crumlin, m'nyumba imene ndinkakhala ndi bambo wina wa ku Zambia, wamkulu kwa ine, wogwira ntchito yosamalira okalamba. Ndinkawaitana kuti achimwene. M'mawa ndinkapita kusukulu m'tauni, masana ena ndi Loweruka ndinkaima pakhomo pa sitolo ya zovala ku Finglas ngati mlonda. Kuchoka kunyumba kukafika kusitoloko ndi mabasi awiri. Ntchitoyo ndi yosavuta kuifotokoza: umaima, umamwetulira, umayang'ana manja a anthu osaoneka ngati ukuwayang'ana. Koma kuti uigwire pamafunika chilolezo cha ulonda, ndipo chilolezocho sichikhala ndi munthu amene dzina lake lamveka ku polisi. Ntchito ndiyo inkalipira sukulu, sukulu ndiyo inkandisunga m'dziko muno. Kusolola chimodzi, zonse zikanagwa ngati mulu wa tomato pamsika.

Miyezi yoyamba chikwama chinakhala m'sutikesi, ndipo ndinkadziuza kuti ndikudikira nyengo yabwino. Kenaka mlongo wanga anawagulira amayi foni yoonana nkhope. Lamlungu lina, titatha kukambirana za mvula ndi za kwaya, anati, "Taimirira ndikuone ngati ukudya." Ndinaimirira. "Takweza juziyo."

Ndinakweza. Panali lamba wa pasitolo basi.

Sanakalipe. Anangoti, "Oo," n'kuyamba kufunsa za mtengo wa sopo kuno. Amene anakulira m'manja mwa mayi wotere akudziwa kuti kukalipa n'kopepuka. Mawa lake ndinachitulutsa, ndinachipukuta, ndinachilowetsa pa lamba.

Ndinayamba ndi malo a malume, m'chiuno chakumanja. Kuti chisakhale chopanda ntchito ndinaikamo foni yanga, ndipo inalowa ngati anachita kuyeza, mutu wake wakuda utatulukira pamwamba. Ndinali pagalasi la m'khonde pamene achimwene a ku Zambia anatuluka m'khitchini ndi kapu ya tiyi. Anaima.

"Ni chani ichi, mufana?"

Ndinawafotokozera za malume, za maliro, za amayi.

"Holster? Mu Dublin?" Anaika kapu pansi kuti aseke bwino. "Iwe, kuno na ma police bambiri sibayenda na mfuti. Manje iwe ndiwe ndani? Malume bako benze CID, iwe ndiwe security wa ma trouser na ma socks."

"Mulibe kanthu, achimwene. Ndi foni chabe."

"Uzauza ndani? Muntu akaona, azayamba kufunsa kuti muli chani? Chosa, mufana. Ika mu suitcase, pa Sunday uvale, amai baone, basi."

"Kumeneko n'kuwanamiza."

"Ah, mwana wa parishi," anatero, n'kutenga tiyi wawo. "Ukamangiwa, nizakubweretsera bread."

Sindinawamvere, koma mawu a malume aja anandibwerera: munthu akachiona, wavala molakwa. Jekete ya kuntchito inali yaifupi, yothera pa lamba penipeni, ndipo m'chiuno chikwama chinkasuzumira. Ndiye ndinayamba kuchisuntha.

Ndinachiika kutsogolo, pambali pa mchombo, mkati mwa thalauza. Poima chinkabisika bwino. Koma pokhala m'basi chinkandibaya, ndipo powerama kutola mabasiketi amene makasitomala asiya pakhomo ndinkachita kugwira mpweya. Madzulo pamimba pankatsala chidindo chofiira. Ndinachipititsa kumsana. Kumeneko palibe amene akanachiona, koma m'basi ndinkakhala kumapeto kwa mpando ngati mlendo wa kwa apongozi, ndipo nditaima maola angapo pakhomo msana unkayamba kuwawa kuchokera pamenepo kukwera mpaka m'khosi. Manijala wathu, mayi wa Chiairishi wa zaka zapakati, wokoma mtima, anandifunsa tsiku lina ngati ndikudwala, chifukwa ndinkaima ngati ndameza ndodo. Ndinati ndili bwino, zikomo kwambiri.

Ndinayesanso m'khwapa. Ndinadula lamba wa chikwama chakale cha mabuku n'kumupingasa paphewa mkati mwa malaya. Kuno kumazizira, ndinaganiza, ndiye za anthu a majekete zija zindiyenera. Koma m'sitolo mumatenthetsedwa, thukuta linkalowa m'chikopa, khungu linatuluka nsungu, ndipo dzanja lamanja linkakhala lotambasuka pang'ono ngati phiko la nkhuku yonyowa. Foni ikalira, ndinkachita kumasula mabatani kuti ndiipeze.

M'mawa uliwonse zinali zomwezo: kuima pagalasi, kutembenuka uku, kutembenuka uko, kukweza manja, kuwerama, kukhala pampando, kudzuka. Anzanga a m'kalasi ankadandaula za mayeso ndi lendi. Ine ndinali nazonso zimenezo, koma pamwamba pake ndinkadzuka ndi funso lakuti lero ndiwaika pati malume. Potsiriza ndinabwerera m'chiuno, chakumbuyo pang'ono monga anandiphunzitsira, ndipo ndinagula juzi yaitali yovala mkati mwa jekete kuti iziphimba. Ndinkaganiza kuti ndathana nazo.

Linali Loweruka m'mawa, kukugwa kamvula kosatha kaja. Basi yachiwiri, yopita ku Finglas, inali yodzaza. Ndinali nditapeza mpando, koma panakwera gogo wina wa ndodo, ndipo ndinaimirira kuti akhale. Basi itakhota ndinakweza dzanja kugwira chitsulo cha pamwamba. Sindinamve kuti juzi yakwera limodzi ndi jekete.

Ndinangoona mayi wina amene anali pambali panga akukokera mwana wake kumbuyo kwake. Anadutsa pakati pa anthu mpaka kwa dalaivala, n'kunong'ona. Patapita kanthawi basi inaima pamalo opanda siteji, ndipo dalaivala analengeza kuti tidikire pang'ono. Anthu anayamba kutsika mmodzimmodzi, mwakachetechete. Ine ndinkadandaula za kuchedwa kuntchito. Ndinafika mpaka pomwetulira gogo uja, kumuuza kuti mwina injini yavuta. Maso ake anali m'chiuno mwanga.

Apolisi atakwera, ndi pamene ndinamvetsa. Mmodzi anandiuza mofatsa kuti manja anga akhale pomwe alipo. Anakhaladi pomwepo, pa chitsulo, ndipo sindikudziwa ngati ndikanatha kuwatsitsa ngakhale akanandiuza. Ananditsitsa, kundiimika moyang'ana khoma la mpanda wa nyumba ina, mvula ikundilowa m'khosi. Ndinamva dzanja likumasula kabatani kaja. Linatulutsa foni yanga yosweka galasi.

Kenaka wamkulu wa iwo anasolola chikwama pa lamba, nachitembenuza m'manja, nayendetsa chala pa maonekedwe aja a m'chikopa.

"Chimene chimakhala umu chili kuti?"

Chingerezi chonse chimene ndinaphunzira chinandithawa. Ndinati chili ku Malawi. Ndinati ndi cha boma. Ndinati malume anamwalira. Ndinaona kuti chiganizo chilichonse chikuipitsa chinzake, ndipo ndinayambiranso pachiyambi, pang'onopang'ono, kuyambira kwa wosoka nsapato. Anandimvetsera. Anaona makhadi anga, anaimba mafoni, anafunsa kumene ndimakhala ndi kumene ndimagwira ntchito. Sanandigwire mwankhanza, ndipo sindingawanenere choipa. Pomaliza wamkulu uja anandibwezera chikwama, nati sanandipeze ndi mlandu, koma ndaopseza basi yathunthu, mwana uja akulira mpaka tsopano, ndipo tsiku lina zinthu zikhoza kutha mosiyana. Anandifunsa ngati ndamva. Ndinati ndamva, zikomo kwambiri, pepani. Ndinapepesanso kwa dalaivala, ndi kwa anthu amene anali ataima pamvula kudikira basi ina. Palibe anandiyang'ana.

Ndinafika kusitolo mochedwa kwambiri, nditanyowa. Manijala anandiitanira mu ofesi, ndipo poti sindidziwa kupeka nkhani msanga, ndinanena zoona. Ndinaika chikwama chija patebulo. Anachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anagwira kumutu.

"Unavala chimenechi mkati mwa jekete yolembedwa dzina la sitolo yathu?"

"Inde, mayi."

"Masiku onsewa? Pakhomo panga?"

"Inde, mayi."

Anapuma mozama. Anati amandikonda, sindinachedwepo, makasitomala okalamba amandiyamikira. Anati za malume amva ndipo apepesa. Koma akadzachionanso m'sitolo muno, kaya pathupi panga kaya m'chikwama changa, sadzatha kundisunga, ndipo a zilolezo adzayenera kuuzidwa chifukwa chake. Anandipatsa thawulo kuti ndipukute mutu, nanditumiza pakhomo.

Kuyambira pamenepo ndinachita zimene achimwene ananena poyamba paja. Chikwama chinkakhala m'sutikesi, Lamlungu n'kumachivala. Foni ikayamba kulira, iwo ankafuula kuchokera kukhitchini, "CID, vala uniform, amai baitana!" Ndinkaimirira, kukweza juzi, amayi n'kumwetulira. Kumwetulira kumeneko kunkanditopetsa kuposa msana uja.

Zikanapitirira choncho, koma amayi anazolowera foni yawo. Anayamba kuimba tsiku lililonse limene apeza mayunitsi, nthawi iliyonse. Ndikakhala kuntchito sindinkayankha, ndipo madzulo ndinkapeza mawu ojambulidwa: "Kodi a ku Ulaya, mwayamba kutinyada?" Ndinayamba kunyamula chikwama cha malume pansi m'chikwama cha mabuku, chitakulungidwa m'jumbo. Tsiku lina pa nthawi yopuma anaimba, ndipo ndinathamangira m'chimbudzi cha antchito, n'kuchilowetsa pa lamba, n'kuyankha monong'ona. Amayi anafunsa chifukwa chake ndikuwayankhira m'bafa. Kunja kwa chitseko ndinkamva mawu a manijala akulankhula ndi wina.

Pasitolo pathu pali lamulo lakuti wantchito aliyense akamaweruka atsegule chikwama chake. Amene amayang'ana zikwama za ena ndine. Changa amayang'ana ndi manijala. Madzulo amenewo ndinatsegula, iwo anasuzumira, anasuntha buku limodzi ndi chala, jumbo ija ikuonekera pakona. Wina anawaitana kuchokera ku kauntala, ndipo anati, "Pita, tionana mawa."

Nditafika kunyumba ndinakhala pa masitepe osavula nsapato. Achimwene anandipeza pamenepo, ndipo nditawauza sanaseke.

"Mufana, uza amai," anatero. "Nchito ukaitaya, uzabwerera ku mudzi na holster yako. Ndiye bazagona tulo?"

Ndinati ndiwauza. Panapita masabata ndisanawauze. Ndinangosiya kuchinyamula, n'kumayankha mafoni awo popanda kuonana nkhope, ndikunamizira netiweki.

Tsiku lokumbukira akufa onse, kwathu Akatolika amapita kumanda Misa ikatha, kukalambula ndi kupemphera. Amayi anaimba akuchokera kumeneko. Kuno kunali m'mawa, ndinali m'chipinda ndikusita malaya a kuntchito. Sindikudziwa chifukwa chake ndinayankha moonana nkhope. Mwina ndinali nditangotopa. Anali atakhala pansi pa mtengo kuseri kwa tchalitchi, makasu ali pambali, ndipo pafupi nawo panali azakhali, akazi a malemu malume.

"Tachokera kwa malume ako," anatero amayi. "Tawauza kuti uli bwino. Taimirira akuone azakhali ako. Takweza juziyo."

Sutikesi inali pansi pa bedi, pafupi ndi phazi langa. Ndinakweza juzi momwemo.

Kenaka ndinawauza zonse: pamimba, pamsana, m'khwapa, basi, khoma, manijala, chimbudzi. Ndinalankhula ndikuyang'ana pansi ngati kuti ali m'chipinda momwemo. Nditamaliza, ndinkangomva ana akusewera patali kumbuyo kwa amayi.

"Ndiye masiku onse a Lamlungu aja unkandivalira ine," anatero.

"Inde, amayi."

"Ndipo malume ako wawaika pansi pa bedi."

Ndi pamene azakhali anatambasula dzanja. "Alamu, tandipatsani kaye mwanayo." Nkhope yawo inadzaza galasi lonse, chifukwa sadziwa kuigwira foni patali.

"Iwe, chikuluma pati? M'chiuno chakumanja, pamwamba pa fupa?"

"Eya, azakhali."

"Ndinadziwa. Malume akowo anali ndi chilonda pamenepo zaka zonse za ntchito. Ndine ndinkachitsuka ndi madzi amchere. Chikopa chimenecho ankadana nacho ngati ngongole. Akangolowa m'nyumba, asanapereke ndi moni yemwe, mfuti ankaitsekera m'bokosi, chikwama n'kuchikoleka pamsomali kuseri kwa chitseko. Sindinawaonepo akudya atachivala. Ankati ndikachikoleka apa ndiye kuti ndafika pakhomo."

Ndinaukumbukira msomali umenewo. Ndinkauona masiku onse a tchuthi, koma ine ndinkasunga za m'mawa zokha, za povala.

"Alongo anga sanandiuzepo zimenezo," anatero amayi chapambali, mawu ali olimba.

"Mlongo sauzidwa za zilonda za m'chiuno, alamu," anayankha azakhali. "Zimenezo timaona ndife."

Ndinamva wina akuseka kumbali, mwina mayi wa m'kwaya. Foni inagwedezeka, inaonetsa nthambi, kenaka inabwerera kwa amayi. Sanali kumwetulira. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"M'nyumba mwakomo muli msomali?"

Ndinati eni nyumba salola kukhoma misomali, koma kuseri kwa chitseko kuli kokolekera zovala. Anati ndiwaonetse. Ndinatembenuza foni.

"Chotsapo thawulo limenelo."

Ndinachotsa. Ndinakoka sutikesi, ndinamasula jumbo, ndinakoleka chikwama pa kachitsulo kaja. Chinalendewera mopendekera, chopanda kanthu.

"Takweza foniyo. Iai, kumanzere." Anachiyang'ana. "Uzichipaka mafuta. Kumeneko ndamva kuti n'kwachinyontho, chingachite nkhungu. Ndipo usamakolekepo zinthu zina pamwamba pake."

"Chabwino, amayi."

"Ndikamaimba uziyankha. Sindikufunsanso za juzi."

Sananene kuti andikhululukira, ndipo ine sindinafunse. Anayamba kundiuza kuti manda a agogo amera udzu wambiri chaka chino, kenaka mayunitsi anawathera pakati pa chiganizo.

Ndinamaliza kusita, ndinavala jekete yaifupi ija popanda juzi yaitali, ndinakwera mabasi anga awiri. M'basi yachiwiri ndinakhala mpaka kutsamira, msana wonse pampando, ndipo ndinagona mpaka dalaivala anachita kundidzutsa ku Finglas. Pakhomo pa sitolo dzanja linkapitabe lokha m'chiuno kukakokera pansi chovala chimene panalibe. Chizolowezi chimenecho chinatenga nthawi kuti chichoke, koma nkhani yeniyeniyo inathera pa kachitsulo ka kuseri kwa chitseko, m'mawa wa pa 2 Novembala, tsiku lokumbukira akufa onse.